Seveni wa Paulina ndi satifiketi yanga ya m'sutikesi

Anzanga, nkhani iyi ndaganiza zoifotokoza ndekha isanakupezeni kudzera pakamwa pa amake Misozi, chifukwa mayi amene uja akagwira nkhani amaithira mchere, tsabola ndi anyezi, ikamafika ku Croydon mumva kuti ndinakomoka pomwe ine ndinangogwada basi. Ndiye imvani kwa mwiniwake.

Mukundidziwa ine. Sikudzitama ayi, koma mwa amayi tonse amene tinathawa kumudzi ndi amuna athu nthawi ya mavuto a ndale ija, ndi angati anafika kuno ku Mangalande ali ndi satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi? Werengani pa dzanja limodzi, zala zina zitsala. Anzanga atafika anayamba ndi kukolopa m'zipatala, ine ndinalowa mu ofesi, pa koleji ina ku Greenwich kufupi ndi mtsinje, desiki yangayanga, makina otaipira angaanga, chidindo cha koleji chili m'dilowa mwanga. Ndikayamba kutaipa azungu ankachita kuima pakhomo, kumveka kwake ngati mvula pa malata. Ndipo kutchalitchi wina akandifunsa kuti mayeso ndinakhoza bwanji, ndinkayang'ana pansi modzichepetsa n'kunena kuti, "Aaa, mawani ndi matuu basi, ife sitinkasewera." Mawu amenewa muwasunge, abweranso.

Inu amene munakulira kuno, ndikuuzeni mmene manambala a mayeso ankayendera kwathu. Wani ndi tuu, disitinkishoni, munthu wa mutu. Firii mpaka sikisi, kirediti, mwana wabwino. Seveni ndi eyiti, pasi, koma pasi wake wokwawa, wolowera pomwe nkhuku zimaboola mpanda. Naini, bwerera ukalime. Nambala ikachepa ndiye kuti nzeru zachuluka. Zimenezi zinandilowa m'magazi ngati pemphero la Atate Athu, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti pansi pano pangakhale dziko lowerenga mwina.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 80 koleji yathu inatsegula kalasi yachilendo. Inali ya ana a anthu a ku Chile, othawa anzathu, amene anabwera kuno asilikali atalanda boma kwawo. Anawa anafika ali aang'ono, sukulu yonse anaphunzira m'Chingerezi, koma kunyumba ankayankhula Chisipanishi. Mukanawamva pa makwerero! Kukangana, kusekana, kunyozana, mawu akungotuluka ngati mpopi wosweka. Koma kuwapatsa pepala kuti alembe chimangirizo cha masamba atatu m'chilankhulo chomwecho, zii, aliyense akutafuna cholembera.

Mphunzitsi wawo anali Mayi Marita, nawonso a ku Chile, kamayi kakafupi koyenda ngati kakuthamangira basi. Tinkamwera limodzi tiyi, ndipo tsiku lina anandiuza kuti, "Misisi Mbewe, ana awa chilankhulo ali nacho, koma ndi cha kukhitchini ndi cha pokangana ndi amayi awo. Ine ndikufuna achinyamule, akalowe nacho ku yunivesite." Ndiye ankawaphunzitsa kuyamba ndi mfundo, kuiikira umboni wochokera m'mabuku, kutchula buku limene autenga, ndime iliyonse nkhani imodzi, osasakaniza Chingerezi pakati pa chiganizo. Mapepala a malamulo a chilankhulo ndinkawataipira ndine, ndipo timizere tawo ta pamwamba pa zilembo, poti makina anga analibe, ndinkatiika ndi cholembera kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Ntchito imeneyi ndinkaikonda, chifukwa ndikawaona anawo ndinkaona Tadala ndi Yamikani wanga, amene ukawatuma m'Chichewa amamva zonse koma kuyankha m'Chingerezi, ndipo kalata ya kwa azakhali awo ku Ntcheu imathera pa "Muli bwanji, ife tili bwino."

M'kalasimo munali ana khumi ndi awiri, koma nkhani yathu ndi ya awiri. Woyamba Paulina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wofatsa, wolowa mu ofesi atagogoda kawiri. Mayi Marita anali atandinong'oneza kuti bambo ake anamupatsa temu imodzi yokha yoyesera. Akapanda kuchita bwino asiye sukulu, azikakonza maofesi m'bandakucha pamodzi ndi amayi ake. Wachiwiri Ramoni, jekete lachikopa, tsitsi mpaka m'mapewa, chipeso m'thumba lakumbuyo, wolowa m'kalasi anzake atatsala pang'ono kutuluka.

Temu ikupita kumapeto, Lachinayi lina madzulo, Mayi Marita anandisiyira kapepala kolemba pamanja, mayina khumi ndi awiri, dzina lililonse ndi nambala yake.

"Misisi Mbewe, chonde, kalata iliyonse dzina la mwana ndi nambala yake basi. Mzere umodzi. Makolo akaona nambala amva okha. Mudinde, mutumize mawa."

Mzere umodzi. Mwamva? Ntchito yoti ngakhale Yamikani akanaigwira. Ndipo iwo ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi lokha, masiku ena ankagwira ntchito kutsidya kwa mtsinje, kunyumba kwawo kunalibe foni.

Lachisanu m'mawa ndinakhala pa desiki, magalasi pamphuno, ndikuyang'ana kapepala kaja. Ambiri mafolo, mafaifi, masikisi, ndinati chabwino, kalasi ya makirediti. Ramoni, tuu. Ndinavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Tuu! Paulina, seveni. Mtima unandipweteka, ndinati mwana wofatsa chonchi, koma mutu mulibe?

Musaganize kuti sindinafufuze, ine si munthu wongothamanga. Ndinapita pa shelefu ya Mayi Marita pomwe panali zimangirizo za anawo. Iwo pa pepala la mwana sankaika nambala, ankangolemba ndemanga ndi inki yobiriwira. La Paulina, mayo ine, lobiriwira ngati dimba la mpiru, m'mbali, pansi, kumbuyo komwe. La Ramoni loyera mbee, kamzere kamodzi kokha pansi, m'Chisipanishi chimene sindinkachimva. Kwathu pepala lodzaza inki ya mphunzitsi limatanthauza chiyani? Nanga umboni wina ndikanaufuna uti? Ndinangoti anthu anzeru kwambiri ndi mmene amakhalira, tsitsi osameta, nthawi osasunga.

Apa m'pamene satana anakhala pa phewa langa. Ndinati kalata yotuluka pa koleji, yokhala ndi chidindo, yotaipidwa ndi ine, ikhale ya mzere umodzi ngati tikiti ya basi? Makolo adzati mu ofesi muja muli ndani? Ndiye manambala ndinawachotsa onse, m'malo mwake ndinaika mawu aulemu wake. Kirediti, kirediti, kirediti. Ramoni, disitinkishoni. Paulina, pasi.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma ndinaona kuti pepala likadali ndi malo ambiri, ndipo ndinakumbuka malipoti a masisitere amene anatiphunzitsa, oti sankanyengerera munthu. Ndinayamba kuwonjezera ndemanga. Kwa Ramoni ndinalemba kuti ndi nyali ya kalasi, makolo anyadire. Kwa Paulina ndinalemba kuti wakhoza mwamwayi, ndi wotsiriza m'kalasi, ndipo makolo aganizire bwino ngati maphunzirowa akumuyenera. Za bambo ake ndinkazikumbuka, musati ndinaiwala, koma ndinati choonadi ndi mankhwala, chimawawa koma chimachiza. Chingerezi chake cha makalatawo, anzanga, ngakhale lero ndivomera, chinali chokoma. Ndinasaina m'malo mwa mphunzitsi monga tinkachitira, dii chidindo, ndi kukaponya ndekha ku positi kuti asachedwe.

Lolemba masana kunamveka kugogoda kawiri. Paulina, maso otupa, m'manja muli mabuku a ku laibulale ndi kiyi wa kabati yake. Munthu wanzeru akanafunsa kaye. Ine ndinamukhazika pampando n'kuyamba ulaliki.

"Mwana wanga, sukulu si nkhope yofatsa. Ine pamene ndinkapeza mawani, ndinkawerenga mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandigwire. Iwe unayesapo beseni?"

Anapukusa mutu. Kenako anayankhula motsitsa, akuyang'ana kiyi uja.

"Ndinkadziwa kale, Misisi Mbewe. Asuweni anga kwathu ndikawalembera kalata amaseka, amati ndimalemba ngati mwana wa sitandade wani. Pepala langa lililonse limabwera lodzaza inki. Kuno amati ndine wa ku Chile, a ku Chile amati ndine Mngelezi. Bambo Chingerezi chowerenga chimawavuta, ndiye kalata ija ndinawamasulira ndekha. Sindinabise liwu ngakhale limodzi. Ndiyamba ntchito Lolemba likubwerali."

Anasiya kiyi pa desiki. Ndipo ine, mayi wa ana awiri, wa bungwe la amayi kutchalitchi, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamupatsa bisiketi. Bisiketi, anzanga! Ndi kumuuza kuti ntchito iliyonse ndi yolemekezeka.

Lachiwiri ndiye linali tsiku. Chitseko chinatseguka osagogoda, kunalowa chimayi chachikulu chitanyamula thireyi yovundikira ndi nsalu, kumbuyo kwake Ramoni atavala tayi, tsitsi atalipaka mafuta, maso ali kudenga. Mayiwo anaika thireyi pamwamba pa mafayilo anga, kundigwira mapewa, mpsyo tsaya ili, mpsyo tsaya linalo, ine amene ngakhale bambo a Tadala sanayambe andipsompsonapo pagulu. M'thireyimo munali timikate tawo tokhala ndi nyama m'kati, tangati samusa koma tonenepa, totentha. Kalata yanga anaitulutsa pachifuwa, akuipsompsonanso, akulira, akuloza kumwamba. Ine ndinatenga kamodzi, ndinatenganso kachiwiri, ndikuuza Ramoni kuti, "Uwauze mayi ako kuti ine mwana wanzeru ndimamudziwa ndi kayendedwe."

Ndili pakati pa kachiwiriko, analowa Mayi Marita, ambulera ikudontha. Mayi aja anawalumphira nawonso, mpsyo, mpsyo, n'kuwapatsa kalata. Ndinaona Mayi Marita akuwerenga, nsidze zikukwera pang'onopang'ono mpaka kulowa m'tsitsi.

"Misisi Mbewe, nambala ili kuti?"

"Ndinaikonza," ndinatero ine, ndikupukuta mafuta pakamwa. "Tuu ndi disitinkishoni, ndiye ndinalemba mawu ake kuti imveke bwino."

"Ndipatseni makope a makalata onse."

Ndinatulutsa makope a kaboni monyadira. Anadumpha ena onse, anafika pa ya Paulina, anawerenga, ndipo anakhala pansi pa mpando osayang'ana ngati mpandowo ulipo.

"Paulina ali kuti?"

"Anabweza kiyi dzulo."

Anatseka maso. Atawatsegula anayankhula pang'onopang'ono, ngati mmene umayankhulira ndi munthu wodwala.

"Misisi Mbewe, kwathu manambala amayambira pa wani kulekeza pa seveni. Seveni ndiye kumwamba, kulibenso china pamwamba pake. Zaka zonse ndaphunzitsa, seveni sindipereka wamba. Mtsikana uja amalemba kuposa ana amene ndinkawaphunzitsa kwathu komweko. Tuu ndi munthu amene wakwanitsa kulemba dzina lake."

"Nanga inki yobiriwira ija?" Mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye.

"Ndimalemba zambiri pomwe pali zambiri zokambirana. Pa pepala la uyu ndikanalemba chiyani? Analemba theka la tsamba. Ndinangofunsa pansi pake kuti zina zonse zili kuti."

Anzanga, munayamba mwamvapo chakudya chitaima pakhosi, osatsika, osabwerera? Thukuta linayambira m'mutu, kudutsa m'khosi, mpaka m'masitonkeni. Ndinatembenukira kwa Ramoni, ndinati iwe, sunadabwe?

"Ndinadabwa, Misisi Mbewe, kwambiri. Koma kalata inali ndi chidindo. Ine ndine ndani kuti nditsutse chidindo?"

Mayi Marita atawafotokozera mayi ake m'chilankhulo chawo, sindinafune womasulira. Nsalu yovundikira ija inasanduka chikwapu, Ramoni anatuluka akuteteza tsitsi, mayi ake pambuyo, ndipo atafika pakhomo anabwerera, kunyamula thireyi yawo ndi zotsala zonse, osandiyang'ana n'komwe.

Koma zoseketsa zinathera pomwepo, chifukwa mayina a ana olemba mayeso olowera ku yunivesite ankayenera kutumizidwa Lachisanu, ndipo fomu ya Paulina inkafunika siginecha ya bambo ake. Mayi Marita anawaimbira pa foni ya mu ofesi yanga, ine nditaima pambali ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anayankhula nthawi yaitali, manja akuuluka, kenako anaika foni pansi.

"Akukana. Akuti ndasintha nambala chifukwa chomumvera chisoni mwanayo. Akuti kalata ya chidindo ndiyo yoona, zinazi ndi zomunyengerera. Ndawauza kuti kwanu wani ndiye wapamwamba, akuti ndisawapusitse, kulibe dziko lopenga chotero. Bambo amene uja ananamizidwa kokwanira pa moyo wake, sakhulupirira pakamwa pa munthu. Akufuna aone ndi maso."

Madzulo ake ndinafika kunyumba. Bambo a Tadala anali pampando wawo ndi nyuzipepala, ndinawafotokozera zonse. Sanaseke, ndiwayamike pamenepo, ngakhale nyuzipepala inkanjenjemera. Kenako anati, "Umboni muli nawo. Uli m'sutikesi pamwamba pa wadirobu. Kumbuyo kwa satifiketi yanu analembako tanthauzo la nambala iliyonse."

Pa dziko lonse la Mangalande munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa zimene zili kutsogolo kwa pepala limenelo, ndipo anali bambo amenewa.

"Ndingowaonetsa kumbuyo kokha," ndinatero.

"Pepala lili ndi mbali ziwiri, mayi a Tadala," anatero iwo, n'kubisala m'nyuzipepala.

Chabwino, poti tafika pano, ndiulule. Satifiketi yanga ndi yeniyeni, palibe angailande. Koma wani mulibemo ngakhale wa mankhwala. Tuu mulibe. Muli sikisi mmodzi wa Baibulo, maseveni anayi ondondozana ngati ana a bakha, ndi eyiti wa masamu. Mukuganiza kuti seveni wa Paulina ndinamuzindikira msanga chifukwa chiyani? Ndi m'bale wanga, ndakhala naye zaka makumi awiri!

Usiku umenewo ndinaganiza zambiri, koma kiyi uja anali akadali pa desiki yanga, ndipo nkhope ya mwana akulandira bisiketi sinkachoka m'maso.

Lachitatu ndinapempha kuweruka masana. Mayi Marita anali kuntchito yawo ina, ndiye ndinangotenga kapepala kawo ka manambala kaja ndi fomu. Ndinavala suti yanga ya buluu ya pa Isitala, chipewa, envulopu yaikulu kukhwapa, ndi kukwera basi ya ku Thamesmead komwe banjalo linkakhala. Amene munafikako mukudziwa, nyumba zake zonse ndi nkhope imodzi, simenti pamwamba pa simenti, tinjira tam'mwamba tokhotakhota, ukalowa apa umatulukira pomwe unayambira. Nditazungulira kawiri, mphepo ya kumtsinje itandilanda chipewa kamodzi, ndinagonja n'kukagogoda kwa munthu yekhayo amene ndinkamudziwa kumeneko. Amake Misozi, mnzanga wa kutchalitchi, wa ku Chipata, wailesi ya mpingo wathu.

"Imwe amake Tadala! Mwavala monga muyenda ku ukwati. Manje mu envulopu umo muli chani?"

"Mapepala a ku ofesi. Mungondilozera nyumba ya anthu a ku Chile, a mwana wotchedwa Paulina."

"Aja? Niwaziba, tikwela nawo lifiti imozi. Tiyeni nikupelekezeni."

"Mungondisiya pakhomo, musavutike."

"Awe, kuvutika kwa chani? Nilibe nchito lelo."

Pakhomo anatsegula Paulina. Atandiona nkhope inagwa, koma ulemu sanausiye, anatilowetsa. Ndinatembenuka kuti nditsanzikane ndi amake Misozi, ndinapeza alowa kale, akhala pa sofa, chikwama pamiyendo, maso akuwala.

Bambo ake a Paulina anali munthu wamtali wa ndevu za pamlomo, manja okhakhala, kwawo ankakonza injini za sitima. Anatipatsa tiyi wopanda mkaka, iwo n'kukhala pa tebulo, manja atapinda. Ndinayang'ana bambowo, ndinayang'ana mwanayo, ndipo thupi linachita zimene linaphunzira kumudzi mutu usanavomereze. Ndinagwada. Ine! Mu suti ya Isitala, pa kapeti ya eni ake, bondo lakumanzere likulira kuti thwa. Bambowo anadzuka mwamantha, akufunsa mwana wawo ngati ndadwala kapena ndikufuna kupemphera. Paulina anati, "Misisi Mbewe, chonde khalani pampando." Ndinati ayi, kwathu wolakwa sayankhulira pamwamba, iwe ungomasulira.

Ndinafotokoza zonse, mzere umodzi umene ndinauzidwa, mizere isanu ndi umodzi imene ndinalemba, Paulina akutembenuza mawu anga. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mawu ochepa.

"Akuti mwatumidwa ndi aphunzitsi," anatero Paulina. "Akuti ndinu mayi wabwino, koma dziko lotero kulibe."

Ndinatsegula envulopu. Satifiketi ndinaitulutsa chakumbuyo, kuiika pa tebulo, chala changa chachikulu chitaikanikiza ngati msomali. Bambowo anavala magalasi, Paulina akuwawerengera mzere ndi mzere. Wani, wapamwamba. Naini, walephera. Anandiyang'ana, anayang'ananso pepala.

"Akufunsa ngati kwanu mumayendanso chamutu pansi."

Ndinaseka kaulemu, ndikuti zatheka, ndiyambe kubweza pepala mu envulopu. Koma munthu wokonza injini sakhulupirira chinthu asanachione mbali zonse. Anagwira ngodya ya pepala, ine ndakanikiza, iwo akukoka, ine ndakanikiza.

"Akuti akufuna aone dzina ndi chidindo, adziwe kuti ndi pepala lenileni."

Chidindo! Chomwe chija chinandiika m'mavuto. Ndinayang'ana Paulina, maso ake ali pa chala changa. Ndinachotsa chala.

Anzanga, khosi la amake Misozi sindinkadziwa kuti limatalika chotero. Kuchokera pa sofa mpaka pa tebulo osadzuka! Ndipo sawerenga chamumtima mayi amene uja.

"Seveni. Seveni. Seveni futi. Seveni! Eyiti! Amake Tadala! Nanga mawani yaja yali kuti? Yanagwa mu ndeke pobwela?"

Anaseka, anzanga. Anaseka mpaka chikwama kugwa, mpaka kutsetsereka pa sofa, akumenya kapeti ndi dzanja, misozi ili mbwe, akungobwereza kuti, "Mawani na matuu! Ise sitinali kusewela! Mayo ine nafa!" Ine ndili chigwadire, chipewa chapendama, ndikupempha pansi kuti patseguke.

Koma tamverani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Bambo aja anasiya kuyang'ana pepala, anayamba kuyang'ana ife awiri, wina akugubuduka ndi chiseko, wina nkhope yagwa ngati wamwalira ali moyo. Anafunsa mwana wawo kuti mayiwa akuseka chiyani. Paulina anawauza kuti akuseka maseveni. Anafunsanso kachiwiri, kuti atsimikize. Pamenepo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Zimene foni inalephera, zimene kugwada kwanga kunalephera, chiseko cha amake Misozi chinakwanitsa, chifukwa manyazi otero munthu sangachite kuyeserera, ndipo chiseko chotero sungachite kumutuma munthu. Anakhulupirira kuti lilipodi dziko limene seveni amachititsa manyazi.

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kapepala ka Mayi Marita. Anatsitsa chala pa mayina mpaka pa dzina la mwana wawo. Apa sipanafunike womasulira. Anavula magalasi, anapita pa windo n'kuima chotifulatira, akuyang'ana mtsinje. Ngakhale amake Misozi anatseka pakamwa. Atabwerera anagwira mutu wa mwana wawo ndi manja awiri, kunena mawu amene Paulina sanatimasulire, ndipo ine sindinafunse. Kenako anapempha fomu ndi cholembera.

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo ukanazimitsa makandulo a tchalitchi chonse.

Paulina anagwada pambali panga, akupukuta m'maso. "Misisi Mbewe, nanga inki yonse ija?"

"Aphunzitsi ako akuti amalemba zambiri pomwe pali munthu woti akambirane naye. Mwana wanga, ndikhululukire. Za beseni zija uziiwale, ine ndinkagona mapazi ali m'madzi momwemo."

Anaseka koyamba chilowereni ine m'nyumbamo. Ndinatulutsa kiyi wake m'chikwama n'kumubwezera, ndipo anachita kundidzutsa awiri, iye mbali iyi, amake Misozi mbali inayo, poti bondo linali litakana.

Tikutsanzika, bambo aja anandibwezera satifiketi ndi manja awiri, mwaulemu waukulu, n'kunena kanthu ndevu zikugwedezeka.

"Akuti musachite manyazi," anatero Paulina. "Akuti munabadwira dziko lolakwika chabe. Kwathu maseveni anayi bwenzi mukuphunzitsa ku yunivesite. Koma eyiti uyu akuti sanamuonepo chibadwire, ngakhale nduna sinafikepo pamenepo. Akuti pa masamu munapitirira denga."

Amake Misozi anayambiranso, mpaka mu lifiti, mpaka pa siteji ya basi.

Fomu inapita Lachisanu. Makalata onse khumi ndi awiri ndinawataipanso, mzere umodzi umodzi, ndipo Mayi Marita nkhaniyi anaifikitsa kwa bwana mofewa kotero kuti ndinangolandira kuyang'anidwa kwa pamwamba pa magalasi. Paulina analemba mayeso, anakhoza, pano ali ku yunivesite kumpoto, ndipo pa Khirisimasi ananditumizira khadi ndi paketi ya mabisiketi, mwana wopanda ulemu. Ramoni anabwereza kalasi, koma ndamva kuti kalata yanga ija anakana kuibweza, anaiika m'felemu, akuti pa moyo wake palibenso amene adzamutche nyali.

Ine ndalumbira, ndipo mukhale mboni. Munthu akadzandiuza kuti mzere umodzi, udzakhala mzere umodzi, ngakhale pepala litatsala loyera ngati nsalu ya paguwa. Nambala ya eni ake sindidzaimasuliranso ndisanafunse kuti kwanu mumawerenga chokwera kapena chotsika. Satifiketi ndaitsitsa pa wadirobu, ili pakhoma pabalaza, nkhope yake kuyang'ana alendo, poti amake Misozi andichepetsera kale ntchito yobisa. Ndiye Lamulungu likubwerali musachite kunong'onezana kumbuyo kwa mabenchi, bwerani mudzandifunse pamaso kuti ndinakhoza bwanji. Ndidzakuyankhani mutu uli m'mwamba: maseveni anayi ndi eyiti, koma muwerenge mwa ku Chile.